ZA NYIMBO ZA ANYAMATA, NDI ZA BANDI IMENE TINALI NAYO PA CHIKANGAWA

Mwezi uno wa November ndiwo umene makwaya athu amakumbukira Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, pa tsiku la 22. Ndipo popeza nkhani ya nyimbo iri m'kamwa mwa anthu, ndayesa nkwabwino kuti ndiyankhe pano funso limene makolo akhala alikundifunsa m'maulendo anga a ku Luwawa, ku Mzimba boma, ndi kumwera konse kufikira ku Jenda. Funso lace ndi ili: "Aphunzitsi, mwana wathu wagwira gitala, ndipo ati afuna kulowa bandi. Kodi timletse, kapena timleke?" Ena afunsa ndi mtima woopa, ena afunsa atathyola kale gitalayo.

Ine sindingathe kuyankha monga munthu woima patali, pakuti zaka zinai za unyamata wanga, kuyambira 1998 kufikira 2002, ndinali woimba wa patsogolo m'bandi ya anyamata asanu pa Chikangawa pano. Acikulire ena akumbukira. Ana a katekisimu sadziwa, ndipo akamva adzaseka, koma palibe kanthu. Nyimbo zimene tinali kuimba ndi zija Azungu amazicha rock. Tsono ndifotokoza zimene ndinaona ndi maso anga, zokoma ndi zowawa zomwe, kuti inu eni ace a ana muweruze muli ndi umboni m'manja.

Poyamba ndinene pang'ono za kumene nyimbozi zinacokera, cifukwa agogo ena ayesa kuti zinabadwira ku mowa. Zinabadwira ku America m'zaka za m'ma 1950, ndipo makolo ace ndiwo nyimbo za anthu akuda a kumeneko, zidzukulu za akapolo: nyimbo zao za madandaulo zochedwa blues, ndi nyimbo zao za m'chalichi. Mai wina woimba nyimbo za Mulungu, Rosetta Tharpe, anali kuliza gitala ya magetsi mwamphamvu Elvis Presley ndi Chuck Berry asanachuke. Pambuyo pace anyamata a ku England, monga a Beatles, anazitenga nazifalitsa pa dziko lonse; ndipo Jimi Hendrix, amene anamwalira mu 1970 ali ndi zaka 27 zokha, anaonetsa kuti gitala ingathe kulira ngati mwana ndi kubangula ngati mkango. Cizindikiro ca rock ndi magitala a magetsi olira mokalipa, ng'oma zogunda molimba, ndi woimba wosasunga mau ace m'khosi.

Ife a ku Mzimba nyimbozi zinatifikira kucokera kumadzulo. Malire a Zambia ali pafupi, ku Lundazi kuli abale athu, ndipo wailesi ya ku Lusaka inali kumveka usiku pa mapiri pano. M'zaka za m'ma 1970 anyamata a ku Zambia anapanga rock yao-yao, imene lero ichedwa Zamrock: gulu la WITCH ndi woimba wao Jagari Chanda, gulu la Amanaz, Rikki Ililonga, ndipo koposa onse kwa ife Paul Ngozi ndi Ngozi Family, pakuti iye anali kuimba nyimbo zina m'Cinyanja ca m'makomboni a Lusaka, ndipo mau ace tinali kuwamva onse. Pulezidenti Kaunda analamula kuti nyimbo zocuruka za pa wailesi zikhale za eni dziko, ndipo lamulo limenelo linakuza oimba ambiri. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ife tiri ana. Koma makaseti ace anatsala m'masutikesi a amalume athu amene anagwira nchito ku migodi, ndipo ndi momwemo tinawapeza, ena ataduka tepi, olumikiza ndi ulimbo.

Kuno ku Malawi, nthawi ya Dr Banda, zinthu zinali zina. Mwamuna wa tsitsi lalitali anali kumetedwa, ngakhale mlendo wotsika m'ndege. Ndipo bungwe loyesa mabuku ndi nyimbo, limene linakhazikitsidwa mu 1968, linali kuletsa ciri conse cimene linacikayikira, kufikira nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yochedwa Cecilia. Komabe mabandi analipo, monga Kalimba, Makasu ndi Love Aquarius. Ndipo mmodzi wa ife a kumpoto, Wambali Mkandawire wa ku Mlowe m'boma la Rumphi, pa unyamata wace anali woimba wa patsogolo m'gulu la Sounds Pentagon ku Blantyre, limene linali kusanganiza rock ndi nyimbo za makolo. Gululo linatha cifukwa ca kusowa ndalama, monga amathera magulu ambiri. Iye anatembenukira ku nyimbo za Mulungu, ndipo mu 2002 anatulutsa cimbale ca Zani Muwone, cimene cinamveketsa Citumbuka ku maiko akutali. Anamwalira mu January 2021. Munthu ameneyu ndamchula dala, kuti kholo limene liyesa kuti mwana wogwira gitala ya rock watayika kale likumbukire kumene Wambali anayambira ndi kumene anafika.

Tsopano ndibwere kwathu. Ana a lero, amene aona mapiri ambiri a Viphya ali mbee, zitsa zokha-zokha ndi udzu wakupsa, sangadziwe m'mene nkhalango iyi inalili. Boma linabzala mitengo ya paini pa mahekitala ngati 53,000, makamaka kuyambira mu 1964, ndi colinga cakuti kumangidwe fakitale ya mapepala kufupi ndi nyanja ku Chintheche. Fakitaleyo siinamangidwe konse, ndipo mitengo inangokula, nikula, kufikira inatseka dzuwa. Nchito ya kubzala, kudulira, kulambula njira zochinga moto ndi kuceka matabwa inasonkhanitsa anthu a mitundu yonse: Atumbuka ndi Angoni eni dera, Atonga a ku Nkhata Bay, Acewa a ku Kasungu ndi Dowa, Alomwe a ku Thyolo ndi Mulanje, Ankhonde a ku Karonga. Ana a m'makomboni tinakula ndi zinenero ziwiri kapena zitatu m'kamwa. Mu 1999 kampani ya Raiply inatenga fakitale ya matabwa imene kale inali ya boma. Pa kutha kwa mwezi, tsiku la malipiro, m'matumba a anthu munali ndalama, ndipo m'mitima mwao munali njala ya cisangalalo, pakuti kupatula mpira panalibe cina coonera. Bandi yathu inamera pa nthaka imeneyo.

Ine ndinali nditangobwera kucokera ku seminale ya St Patrick ku Rumphi, kumene ndinamaliza Fomu 4, ndipo cuma cimene ndinabwera naco cinali kudziwa kulemba nyimbo mwa do-re-mi ndi kugawa mau m'magawo anai monga ticitira m'kwaya. Wa gitala yotsogola anali Mtonga, mwana wa mmisiri wa matabwa. Wa gitala yaciwiri anali Mlomwe wonyamula zipika, amene makolo ace anali kutali ku Thyolo. Wa besi anali mbale wathu wa mpingo wa CCAP wa ku Embangweni, munthu wofatsa, wosalankhula-lankhula. Wa ng'oma anali Mngoni, wamng'ono pa ife tonse, wogogoda ciri conse cimene wapeza, mbale, citseko, ngakhale msana wa mlongo wace. Dzina la bandi tinalisintha katatu, kotero kuti palibe limene linakhazikika. Anthu anali kungoti anyamata a pa shedi, cifukwa tinali kuyesezera m'shedi yakale younikiramo matabwa.

Zoimbira tinapanga tokha. Gitala yoyamba inali ya cigubu ca mafuta a galimoto, khosi lace la paini, nsambo zace za waya wa mabuleki a njinga wopombosola. Sabata ziwiri zisanathe khosi linapindika ngati uta, pakuti paini ndi mtengo wofewa, sulimbana ndi kukoka kwa nsambo zisanu ndi imodzi. Apo mmisiri uja, atate a mnzathu, amene kufikira tsiku limenelo anali kungotiyang'ana cam'mbali, anati: "Ana inu, paini ngwa bokosi, si wa khosi iai. Bwerani nayo kuno." Anatisemera khosi la mlombwa, nakhoma timawaya topingasa pa khosipo alikuyesa ndi rula, pakuti kawaya kamodzi kakaphonya malo ace ngakhale pang'ono, gitala yonse inama. Anatiphunzitsa kuti kawaya ka 12 kayenera kukhala pakati peni-peni pa utali wa nsambo, ndi kuti timipata timanka ticepera-cepera pofika ku thupi la gitala. Zimenezi ndinali nditaziwerenga m'buku la sayansi ku seminale. Pano ndinaziona zirikucitika pansi pa nyundo ya munthu amene sanapitirire Sitandade 4.

Besi yathu inali babatoni, ndiyo ng'oma yaikulu ya cikopa ca ng'ombe yokhala ndi mtengo wautali ndi nsambo imodzi ya waya wa m'matayala. Amene anaona Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, kapena a Madalitso Band a ku Lilongwe amene anakaimba ku Zanzibar mu 2017 nayenda pambuyo pace m'maiko a ku Ulaya, adziwa cimene ndirikunena. Ng'oma zinali zikopa za mbuzi zokuta pa zitini za utoto, ndi copondera ca thabwa ndi mphira wa njinga, ndi mbale ya citsulo yomangirira zitsekero za mabotolo.

Koma rock ifuna magetsi. Tinapeza wailesi ya kaseti imene mbali yace ya tepi inali itafa. Ndipo mnzathu wa besi, amene anali kukonda kutsegula mawailesi a anthu, anazindikira kuti kasipika kakang'ono, ukakalumikiza cobwerera, kamamva m'malo mwa kulankhula. Anamata kasipika kotere pa thupi la gitala, nalowetsa waya wace m'wailesi muja, naipatsa moto wa batire la galimoto. Mau amene anatuluka anatidzidzimutsa tonse. Anali okhadzula, olira ngati maceka a pa fakitale, cifukwa wailesi yaing'onoyo inali kulandira mau oposa mphamvu yace. Tinayang'anana kukamwa kuli yasa, pakuti kulira kumeneko ndiko kumene tinali kukumva m'makaseti a Paul Ngozi. Cimene oimba a ku Lusaka anali kucipeza ndi kabokosi kogula kopondera ndi phazi, ife umphawi unatipatsa ulere. Batirelo silinali kukhalitsa, ndipo kukalidzaza unali ulendo wa pa njinga. Cifukwa cace tinali kuyeseza popanda moto masiku onse a pakati pa sabata, ndi kuyatsa Loweruka lokha.

Musaiwalenso cisanu. Chikangawa ali pamwamba, mamita oposa 1,500, ndipo mu June ndi July nkhungu imatha kukhala tsiku lonse osacoka. Zala zinali kuuma, nsambo kusokonekera, zikopa za ng'oma kulefuka ndi cinyezi. Kotero kuti tisanayambe tinali kukoleza moto wa zipalapala za matabwa ndi kuotetsa ng'oma imodzi-imodzi, wa ng'oma alikuigogoda ndi cala kufikira italankhula bwino.

Tsono ndafika pa cinthu cimene ndalembera nkhani iyi. Miyezi yoyamba bandi yathu inali phokoso lokha. Magitala awiri anali kupikisana, ng'oma inali kuthamanga ngati yaona njoka, besi inali kutsalira m'mbuyo, ndipo amai opita kukatunga madzi anali kunena kuti m'shedi muli ndeu. Tsiku lina nkhalamba ina, mlonda wa pa nsanja yoonera moto, amene pa unyamata wace anali wotsogolera ingoma kwao, anaima pa khomo namvetsera nyimbo yathu kufikira kumapeto. Ndipo anati:

"Adzukulu anga, anthu asanu ndawamva, koma nyimbo sindinaimve. Kodi mumamvana?"

Tinati, "Inde, sekuru, timamvana."

Anati, "Cabwino. Iwe wa ng'oma, taimba ndi pakamwa zimene mnzako wa besi amaliza."

Wa ng'oma anakanda mutu.

"Iwe wa gitala, taomba m'manja m'mene ng'oma imayendera."

Nayenso anaomba zace-zace. Nkhalamba ija siinaseke. Inatiuza kuti tiike pansi zoimbira zonse, nitiimika pa mzere, nitiyambitsa kuponda. Mudziwa inu a kuno kuti ingoma ya kwa M'mbelwa iribe ng'oma; mapazi a amuna ndiwo ng'oma yace, pamodzi ndi zishango ndi manja a amai. Amuna makumi atatu aponda ngati munthu mmodzi, ndipo wina akafulumira pang'ono, fumbi lomwe limnenera. Tinaponda madzulo onse amenewo, ndi madzulo ena ambiri, kufikira munthu wa panja sakanatha kuwerenga kuti m'katimo muli mapazi angati. Pamenepo mpamene anatilola kunyamulanso magitala, natipatsa lamulo limodzi lokha, lakuti munthu amene sakumva mnzace adziwe kuti wakweza ndi iyeyo. Ine anandipatsa nchito yolemba gawo la munthu ali yense m'kope mwa do-re-mi, kuti yense aphunzire kuimba ndi pakamwa magawo a anzace anai asanagwire lace.

Anatiphunzitsanso cina. Rock iyenda ndi kugunda kwa panai-panai, koma ng'oma zambiri za kuno, monga za vimbuza, ziyenda patatu-patatu. Sindirikunena za mizimu pano. Ndirikunena za kagundidwe kokha ka gule amene a UNESCO anamlemekeza mu 2005. Nkhalamba ija inaonetsa wa ng'oma wathu m'mene angaikire kugunda kwa patatu pansi pa kugunda kwa panai, dzanja lina kwina, phazi kwina, ziwirizo nizikomana pa malo amodzi. Kuyambira pamenepo nyimbo zathu zinaleka kukhala mthunzi wa makaseti a ku Lusaka, ndipo amai aja amene anali kuthawa phokoso anayamba kutula ndowa zao pa khomo la shedi.

Ku seminale ndinaphunzira kuyang'ana dzanja la wotsogolera kwaya, ndipo ndi phunziro labwino. Koma m'bandi mulibe dzanja lotere. Muli anthu asanu ofanana mphamvu, yense ndi mutu wace, ndipo nyimbo iima kapena igwa pa kuchera khutu kwao. Wina akaphonya, anzace ayenera kumdikira ndi kumbweza anthu oonera osazindikira. Wina ikafika nthawi yace yoonetsa luso, anzace ayenera kutsika kuti iye amveke, ndipo akatha atsike iyenso. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, koma mwambi umenewu mnyamata wa zaka 19 saumva ndi makutu. Aumva tsiku limene waimirira pamaso pa anthu mazana awiri nadziwa kuti popanda mnzace wofatsa uja wa besi, iye ndi wopanda pace. Zaka zimene ndakhala mphunzitsi ndaweruza milandu yambiri ya m'mabanja ndi ya m'miphakati, ndipo kawiri-kawiri ndipeza matenda omwe aja a m'shedi: anthu alikulankhula onse, ndipo palibe amene angathe kubwereza mau a mnzace. Ndimacita monga anacitira sekuru uja. Ndimati, "Adada, tanenani zimene amama anena kumene," ndipo mlandu umayamba kuphwa pomwepo.

Nyimbo zathu tinali kupeka tokha, m'Citumbuka ndi m'Cicewa mosanganiza monga tinali kulankhulira. Ina inali ya moto wa m'nkhalango, ina ya mwamuna wopita ku Joni osalemba kalata, ina ya malipiro otha pa tsiku lacitatu la mwezi. Iyi amuna anali kuida, akazi ao naipempha kawiri. Tinaimba pa maukwati, pa kutsekera sukulu, pa bwalo la mpira masewera atatha, ndipo ulendo wina tinakwera pamwamba pa lole ya matabwa kukaimba ku Mzimba boma, babatoni itamangidwa ndi linya ngati mbuzi ya pa msika.

Koma sindikubisirani mbali ina, pakuti walira mvula walira matope. Ndalama zeni-zeni za bandi ya kumudzi ziri ku malo a mowa, ndipo mwini malo otere akonda kulipira ndi botolo koposa kulipira ndi ndalama, cifukwa botolo limtsikira mtengo, ndiponso limanga woimba kuti abwerenso. Mwini malo wina, amene sindimchula, anatiimbitsa usiku wonse natikaniza malipiro, nafunanso kugwira batire lathu. Anai a ife tinapangana kukana malipiro a m'botolo. Mnzathu wa gitala yaciwiri anayamba kuwalandira, poyamba limodzi, pambuyo pace osawerenga. Anayamba kutsalira ife tikamapita, ndipo kunyumba kunalibe munthu womdikira ndi nyali. Tinamuika m'manda bandi itatha kale, ndi matenda aja amene anatha anyamata ambiri a nthawi yathu, omwenso anatha oimba ambiri a Zamrock. Anali ndi dzanja lokoma pa gitala koposa ife tonse. Ndikamganizira sindiimba mlandu gitala. Ndiganizira za njira ya usiku ya pakati pa malo a mowa ndi komboni, imene iye anali kuiyenda yekha.

Ine sindinali kuiyenda ndekha. Adada anga, amene anagwira nchito yodulira paini zaka zambiri, atamva za bandi anakhala cete masiku awiri, ndipo lacitatu anandiitana nati: "Mwana wanga, imba. Koma tsiku la Mulungu likupeze m'chalichi, ngakhale wagona ola limodzi. Ndalama zimene walandira ubwere nazo ndizione ndi maso. Ndipo kumene mukaimba undiuze, pakuti ndidzabwera." Ndinayesa alikungondiopsa. Koma anali kubweradi, atavala cijasi cao cacikulu, naima kumbuyo kwa anthu atatsamira njinga yao, osamwa kanthu, osavina, kufikira nyimbo yomaliza. Tikatha anali kumangirira batire pa kaliyala, tonse nkuyenda wa pansi m'nkhungu. Nyimbo za rock sanazikonde mpaka imfa yao. Anali kunena kuti zimveka ngati thirakitala yokanika kukwera mtunda.

Bandi inatha monga zithera zinthu zambiri za ku Mzimba. Njala ya kumayambiriro a 2002 inafika, anthu analeka kuitana oimba pa maukwati, ndipo batire tinaligulitsa kuti tigawane cimanga. Wa gitala yotsogola ndi wa ng'oma anakwera basi ya ku Johannesburg, njira imene ana a boma lino akhala alikuyenda kuyambira masiku a Wenela. Wa besi ali ku Mzuzu, akonza mafoni, ndipo tsiku la Mulungu aliza limba m'chalichi mwao. Zaka zotsatira oceka matabwa anadzaza nkhalango, moto unayamba kudya mapiri caka ndi caka, ndipo shedi yathu inapsa pamodzi ndi mitengo imene inali kuizinga.

Nthawi zina ndimayerekeza za ife ndi za anyamata a ku Balaka. Kumenekonso kunali ana a pa parishi okonda nyimbo, opanda cuma monga ife. Koma mu 1978 Bambo Mario Pacifici anawasonkhanitsa nawathandiza kupeza zoimbira ndi malo, ndipo inabadwa Alleluya Band. M'gulu limenelo munatuluka Paul Banda, amene anajambula oimba ambiri m'situdiyo yace ya pa Balaka, ndi mng'ono wace Lucius Banda, amene nyimbo zace zinalankhulira amphawi a dziko lino kufikira imfa yace mu June 2024. Sindinena kuti tikanafanana nao pa luso. Ndinena kuti luso limera pali ponse ngati bonongwe, koma limene lipeza wamkulu woliyang'anira ndilo lifika pa kubala mbeu.

Masiku ano zinthu zasintha. Mnyamata wofuna kuimba safuna anzace anai. Akwera basi kupita ku situdiyo ku Mzuzu, kompyuta imlizira ng'oma ndi besi, iye naimba yekha atatseka makutu, mawa lace naika nyimbo pa Facebook kapena pa TikTok ndi kuwerenga amene aikonda. Zina mwa nyimbo zimenezi nzokoma, sindikana. Koma kompyuta siphonya, siicedwa, siikwiya, siifuna kudikiridwa, ndipo munthu sangapepesane nayo; cifukwa cace siingaphunzitse mwana cimene ife tinaphunzira m'shedi. Tsono kholo likandiuza kuti mwana wace afuna kulowa bandi, ya anthu amoyo, oyeseza pamodzi ndi kukangana ndi kugwirizananso, ine ndimamva nkhani yabwino koposa m'mene khololo liyesera.

Yankho langa kwa inu amene munandifunsa ndi ili. Gitala musaithyole, pakuti mwana adzapeza ina, ndipo iyo adzaibisa kwa inu pamodzi ndi zonse zotsagana nayo. Mfunseni aimba ndi yani, ndipo anzacewo muwaitane adye nsima pa khomo panu kuti muwaone nkhope. Muwapatse khonde lanu kapena tsinde la mtengo wanu kuti ayesezerepo dzuwa likali. Phokoso lidzakusautsani, koma mwana amene phokoso lace mulimva ndiye amene mudziwa kumene ali. Mfunseni akaimba kuti, abwera nthawi yanji, ndalama asunga ndani. Ndipo tsiku loimba wamkulu mmodzi wa pa banja apite, kapena atate, kapena asibweni, akaime kumbuyo kufikira kumapeto. Mwana wamkazi akafuna kuimba, lamulo ndi lomweli, koma wamkuluyo asaphonye ngakhale tsiku limodzi. Sukulu isaime cifukwa ca bandi, pakuti ngakhale gulu la Wambali linatha ndi kusowa ndalama, ndipo mwa ife asanu palibe amene anadyera nyimbo. Mwana akapeka nyimbo yace-yace nafuna kuijambula, akailembetse ku COSOMA, bungwe loteteza eni nyimbo limene linakhazikitsidwa mu 1992, kuti wina asadzakolole pamene sanalime. Ndipo inu otsogolera makwaya, mnyamata wa gitala akadza kwa inu musamthamangitse cifukwa ca kumene anaiphunzirira. Mumuyese khutu, mumpatse malo kumbuyo, aphunzire kutsika pamene anthu alikupemphera.

Kope lija limene ndinalembamo miyeso ya mmisiri wa matabwa, ya kutalikirana kwa timawaya ta pa khosi la gitala, ndikali nalo, ngakhale njenjete zadya m'mbali. Mnyamata kapena mtsikana amene afuna kusema gitala yace adze Loweruka madzulo katekisimu atatha, pamodzi ndi kholo lace, adzakopere. Abwere ndi thabwa louma la mlombwa kapena la mbawa. La paini alisiye kunyumba. Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzakamba za kukonzekera Khrisimasi m'mabanja amene atate ali ku Joni.

Tsalani bwino nonse. Ndine wanu,
Mphunzitsi wa pa Chikangawa.